Thirakitala Yadwala! Tiyeni Tifufuze Chavuta

Ndine azakhali anu. Kodi lero ndakutengerani chiyani? Ndakutengerani kathirakitala. Kali ndi mikono iwiri yachitsulo kutsogolo. Mikonoyo yagwira chifosholo chachikulu. Kakatapa mchenga, nyamu m'mwamba, n'kukakhuthula uko. Koma tsiku lina kamakana ntchito. Woyendetsa amakoka chogwirira, chifosholo chili duu pansi. Ndiye lero inu ndi ine tikhala amakaniko. Tsukani m'maso, tcherani makutu, mphuno nayo ikhale tcheru. Tiyeni tifufuze chavuta.

Kodi kathirakitala kotere mungakaone kuti? Timathirakitala ta m'dimba timapezeka kwambiri ku America ndi ku Ulaya. Kumeneko anthu ena ali ndi mabwalo aakulu a kapinga ndi timinda pafupi ndi nyumba. Amatchetcha nato kapinga. Amatutira manyowa, nkhuni ndi miyala. M'nyengo yozizira amakankhira chipale chimene chatseka njira. Ta John Deere n'tobiriwira. Ta Kubota, kampani ya ku Japan, n'ta mtundu wa lalanje. Kuno kwathu timaona kwambiri akulu ake. Mukawaone m'minda ya nzimbe ku Nchalo ndi ku Dwangwa. Mukawaonenso pamene akukonza msewu. Lole ya tipa yokhuthula mchenga ija ndi m'bale wake. Onsewa chinsinsi chawo n'chimodzi.

Kodi chinsinsicho n'chiyani? Tayang'anani mikono ija bwinobwino. Palibe chingwe chokoka. Palibenso tcheni. Nanga chikunyamula n'chiyani? Ndi oyilo! Inde, oyilo woterera uja. Iyeyu ndiye amakankha zitsulo. Chifosholo chimakwera ndi katundu amene amuna awiri sangamuthe. Mwadabwa eti? Chinthu chimene chimapulumuka pakati pa zala chinganyamule bwanji miyala? Musandikhulupirire msanga. Tiyeni tiyese tokha.

Tiyese ndi manja athu

Kodi pakati pa mpweya ndi madzi, wamakani ndani? Pezani botolo lapulasitiki lopanda kanthu. Litsekeni mwamphamvu. Tsopano lifinyeni ndi manja awiri. Mwaona? Lafinyika. Mpweya umalola kupanikizidwa, umakwana pamalo ochepa. Kenako lidzazeni madzi mpaka pakamwa, tho! Pasatsale ndi kampata komwe. Tsekani, finyaninso. Lauma gwa! Madzi salola kupanikizidwa. Oyilo nayenso salola. Ukamukankha uku, iye amakankha uko. Mfundo imeneyi muisunge, chifukwa nkhani yathu yonse yagona pamenepa.

Nanga mukafinya madzi, mphamvu yanu imalowera kuti? Tengani kajumbo kosabooka. Thiranimo madzi, mumange kukamwa. Pitani nako panja, kuti musanyowetse m'nyumba. Boolani timabowo tinayi ndi munga: pamwamba, pansi ndi m'mbali zonse ziwiri. Tsopano finyani pamalo amodzi okha. Taonani! Madzi akutuluka mothamanga pa timabowo tonse tinayi. Inu mwafinya pamodzi, koma mphamvu yafika paliponse. Ndiye kuti madzi amanyamula mphamvu n'kukaitula kwina. Oyilo wa m'paipi amateronso. Ngakhale paipiyo itakhota kakhumi, mphamvu imafikabe kumene ikupita.

Kodi anayamba kufotokoza zimenezi ndani? Anali Blaise Pascal wa ku France. Anabadwa m'chaka cha 1623. Ali mwana ankakonda masamu ndiponso kufunsa mafunso. Asanakwanitse zaka 20 anayamba kupanga makina owerengera, kuti athandize bambo ake pa ntchito ya misonkho. Pambuyo pake anachita chidwi ndi madzi. Anapeza kuti ukapanikiza madzi otsekeredwa, mphamvuyo imafika mbali zonse mofanana. Buku lake lofotokoza zimenezi linatuluka mu 1663, iye atamwalira chaka chapitacho. Mwaona? Zimene mwachita ndi kajumbo kaja ndi sayansi yeniyeni.

Kodi mphamvu yaing'ono ingasanduke yaikulu? Apa ndiye pokoma! Yerekezani mapaipi awiri oimirira, olumikizana pansi, odzaza oyilo. Imodzi ndi yaing'ono. Inayo ndi yaikulu, moti pakamwa pake pangakwane pakamwa pa yaing'onoyo ka 10. Iliyonse ili ndi chivindikiro chotha kukwera ndi kutsika. Pa chivindikiro chaching'ono ikani mwala wa makilogalamu 5. Pa chachikulu ikani thumba la chimanga la makilogalamu 50. Chichitike n'chiyani? Zilingana ndendende! Mukangowonjezera kamwala pa mwala uja, thumba lonse liyamba kukwera. Tawerengani: 5 kuchulukitsa ndi 10 ndi 50. Nanga paipi yaikuluyo ikanakula ka 20, mwala womwewo ukananyamula matumba angati? Mwakhoza, awiri!

Kodi mphamvu imeneyi ndi yaulere? Ayi ndithu. Kuti thumba lija likwere sentimita 1, chivindikiro chaching'ono chiyenera kutsika masentimita 10. Mumapeza mphamvu, koma mumalipira ndi mtunda. Munaonapo minibasi itaphwa tayala? Kondakitala amatulutsa jeke, kachitsulo kafupi ngati botolo. Amalowetsa pansi pa minibasi, n'kuyamba kupopa. Dzanja limakwera ndi kutsika kambirimbiri. Minibasi imangokwera pang'onopang'ono. M'kati mwa jeke yotero muli oyilo ndi mapaipi awiri aja. Ulendo wina mukadzaona, mudzaime patali n'kuwerenga kuti wapopa kangati.

Nanga nzeru imeneyi inafika bwanji pa thirakitala? Inayenda ulendo wautali. Mu 1795 Joseph Bramah wa ku England anapanga makina opanikizira zinthu ndi mphamvu ya madzi. Iye anali mwana wa mlimi, ndipo anayamba ndi kuphunzira ukalipentala. Patapita zaka zoposa 100 kunabwera Harry Ferguson wa kumpoto kwa Ireland. Nayenso anali mwana wa mlimi. Anakonza njira yoti thirakitala izikweza ndi kutsitsa pulawo ndi mphamvu ya oyilo. Thirakitala yake yaing'ono yotuwa inayamba kupangidwa mumzinda wa Coventry ku England mu 1946. Anapanga zoposa 500,000. Dzina lake mumaliona mpaka lero pa mathirakitala ofiira a Massey Ferguson. Ana a alimi amenewo, ngati ambiri a inu!

M'kati mwa kathirakitala

Kodi m'kati mwake muli chiyani? Gwirani pachifuwa panu. Mukumva mtima ukugunda? Kathirakitala nako kali ndi mtima. Mtima wake ndi pampu, ndipo imazunguzidwa ndi injini. Magazi ake ndi oyilo. Mitsempha yake ndi mapaipi. Impso zake ndi sefa yochotsa zinyalala. Minofu yake ndi masilinda, zitsulo zobulungira zimene zili m'mbali mwa mikono. Palinso thanki yosungira oyilo. Pomaliza pali valavu, kachitseko kolozera oyilo njira. Tiwerenge ndi zala: thanki, sefa, pampu, mapaipi, valavu, silinda. Zakwana 6. Chimodzi chikangodwala, thupi lonse limafooka.

Kodi oyilo amayenda bwanji m'menemo? Tsinzinani pang'ono. Yerekezani kuti ndinu kadontho ka oyilo. Mwagona m'thanki, muli phee. Injini yalira! Pampu yakukokani. Mwadutsa pa sefa, mwatuluka muli oyera. Pampu yakukankhirani m'paipi pamodzi ndi anzanu miyandamiyanda. Mwafika pa valavu. Woyendetsa wakoka chogwirira, kachitseko katseguka. Mwalowa m'silinda. Kutsogolo kwanu kuli chitsulo chotchinga njira. Kumbuyo anzanu akubwerabe. Nonse pamodzi, kankhani! Chitsulo chonyezimira chayamba kutuluka m'silinda. Mkono wakwera, chifosholo chili m'mwamba. Woyendetsa akakankha chogwirira, mumabwerera kuthanki kukapuma. Tsegulani maso. Ulendo wokoma eti?

Bwanji sathiramo madzi, poti madzi ndi osagula? Funso lanzeru limenelo. Madzi amachititsa dzimbiri. Siyani msomali pamvula sabata imodzi, mudzaona okha. Madzi sateretsanso zitsulo, ndiye zimakhulana mpaka kudyana. Komanso kumaiko ozizira madzi amaundana n'kuphulitsa mapaipi. Oyilo amateteza ku dzimbiri. Amateretsa zitsulo. Amachotsanso kutentha m'pampu. Koma si oyilo aliyense ayi. Kathirakitala kalikonse kali ndi buku lake, ndipo bukulo limatchula oyilo woyenera.

Tsopano kadwala

Kodi makaniko wabwino amayamba n'kumasula? Ayi. Amayamba n'kufunsa. Paja safunsa anadya phula. Amafunsa woyendetsa kuti, "Kayamba liti? Kakuvuta m'mawa kapena masana? Chifosholo chikukana kukwera, kapena chikukwera mwaulesi? Mwamvako phokoso lachilendo?" Kenako amauza woyendetsa kuti atsitse chifosholo mpaka chigunde pansi. Amazimitsa injini. Amagwedeza chogwirira uku ndi uku, kuti mphamvu yotsalira m'mapaipi ithe. Akatero m'pamene amayandikira. Ife tichitenso chimodzimodzi. Tiyamba ndi matenda osavuta, ovuta tithera nawo.

Chifosholo chikukwera theka n'kuima. Chavuta n'chiyani? Mwina oyilo wachepa. Awa ndiwo matenda oyamba kuwaganizira. Makaniko amaimika kathirakitala pamalo osatsetsereka. Amasolola kachitsulo koyezera oyilo. Amakapukuta ndi kansanza koyera, n'kukabwezera. Amakasololanso n'kuyang'ana. Pa kachitsuloko pali timizere tiwiri, kapansi ndi kapamwamba. Oyilo ayenera kulekeza pakati pa timizereto. Akalekeza m'munsi, pampu imasowa chokankha. Mankhwala ake ndi osavuta. Amawonjezera oyilo, chifosholo nyamu! Taonani, matenda aakulu atha ndi kansanza ndi botolo la oyilo.

Koma oyilo wosowayo wapita kuti? Oyilo ameneyu sapsa ngati dizilo. Amangozungulira. Akachepa ndiye kuti penapake pakudontha. Makaniko amayang'ana pansi pamene kathirakitala kanagona. Akaona dothi lakuda lonyowa, amayang'ana pamwamba pake. Amayang'ananso molumikizira mapaipi. Pamalo podontha fumbi limamatirira, pamaoneka bii. Fumbilo ndilo limaulula chinsinsi. Nthawi zina amayala katoni pansi madzulo. M'mawa madontho amakhala atajambula malo ake. Mwina ndi nati yokhwefuka, ingofunika kumanga. Mwina ndi paipi yong'aluka, ifunika ina yatsopano.

Kodi tingasisite paipi ndi dzanja kuti timve podontha? Ayi, ayi, ana anga! Apa mundimvetsetse. Oyilo wa m'mapaipi amenewa amakankha mwamphamvu kuposa mpweya wa m'tayala la galimoto ka 30, mwinanso kuposa apo. Paipi ikabooka kabowo kakang'ono, oyilo amatuluka ngati singano. Nthawi zina saoneka n'komwe. Amatha kuboola khungu n'kulowa m'thupi. Kabala kake kamaoneka kakang'ono, koma n'koopsa zedi. Munthu wotero athamangire naye kuchipatala nthawi yomweyo. N'chifukwa chake amakaniko amayendetsa chidutswa cha katoni m'mbali mwa paipi. Katoni ikanyowa, apeza bowo. Dzanja lili bwinobwino.

Nanga chifosholo chikamakwera monjenjemera, modukizadukiza? Pamenepo mwalowa mlendo wosaitanidwa. Mlendoyo ndi mpweya. Kumbukirani botolo lija. Mpweya umalola kupanikizidwa. Pampu ikakankha, mpweya umayamba wafinyika, kenako n'kudumpha. Chifosholo nacho chimadumpha. Makaniko akasuzumira m'thanki amapeza thovu. Mpweyawo walowera pati? Tiyese. Tengani kapaipi komwera zakumwa. Boolani kabowo pamwamba pang'ono, pamene sipamira. Yesani kumwera madzi. Mukumva? Fyoo, fyoo, madzi akubwera ochepa, osakanikirana ndi mpweya. Pampu imavutika chomwecho paipi yake yokokera ikakhwefuka. Makaniko amamanga pokhwefukapo. Kenako amakweza ndi kutsitsa chifosholo kangapo, mpweya wonse n'kutuluka.

Kodi pampu imalira? Imalira ndithu. Ikamamveka kuti wiii mosalekeza, chifosholo n'kumakwera mwaulesi, ndiye kuti ili ndi ludzu. Ikukoka koma oyilo sakubwera wokwanira. Ngati thanki ili yodzaza, tiganizire sefa. Pemphani amayi sefa ya tiyi. Thiranipo madzi, muona akudutsa msanga. Tsopano dzazanimo masamba a tiyi ogwiritsa kale ntchito, muwatsindire ndi supuni. Thiraninso madzi. Akuchita kudontha, sichoncho? Sefa ya kathirakitala nayo imatsekeka ndi zinyalala zimene yagwira. Yagwira ntchito yabwino, koma yatopa. Amaichotsa n'kuika yatsopano. Buku lija limanena kuti isinthidwe pakapita maola angati a ntchito.

Bwanji kathirakitala kena kamachita ulesi m'mawa wokhawokha? Kameneko sikanadwale ayi. Kangozizidwa. Oyilo akazizira amalimba, sayenda msanga m'mapaipi. Akatenthedwa amasungunuka n'kumathamanga. Yesani ndi mafuta ophikira m'mwezi wa June. Donthezani dontho limodzi pambale m'mamawa, mupendeketse mbaleyo. Werengani mpaka lifike m'mphepete. Masana, mafuta atakhala padzuwa, yesaninso. Liti lapambana mpikisano? Ku Canada ndi kumpoto kwa America kumazizira mpaka nyanja kuundana. Kumeneko woyendetsa amaliza injini n'kudikira mphindi zingapo. Amakweza ndi kutsitsa chifosholo chopanda katundu. Oyilo akafunda, ntchito imayamba.

Kodi mtundu wa oyilo umatiuza kanthu? Umatiuza zambiri. Oyilo wabwino amaonekera, ukhoza kuona timizere ta kachitsulo koyezera kudzera mwa iye. Akaoneka mbuu, woyererako, ndiye kuti mwalowa madzi. Mwina ndi mvula imene inalowera pa chitsekerero cha thanki. Mwina ndi chinyezi chimene chinasanduka madontho m'thanki. Mufuna kuona? Thirani madzi pang'ono ndi mafuta ophikira pang'ono m'kabotolo. Tsekani, khutchumulani mwamphamvu. Zasanduka mbuu! Nanga oyilo akada bii n'kumanunkha chopserera? Ameneyo watenthedwa mopitirira, watha ntchito. Onse awiriwa mankhwala ake ndi amodzi. Amakhuthula yense, n'kuthira watsopano.

Nanga chifosholo chikamatsika chokha, popanda wochigwira? Awa ndi matenda obisala. Woyendetsa wakweza chifosholo n'kusiya chogwirira. Pakapita kanthawi, chatsika. Pansi palibe dontho ndi limodzi lomwe. Zatheka bwanji? Oyilo akudontha, koma akudonthera m'kati. M'silinda muli timphira tozungulira totseka mipata. Timphirato tikatha, oyilo amazemba. Valavu nayo ikakalamba, kachitseko kake sikatseka bwino. Oyilo amabwerera kuthanki mwakachetechete. Makaniko amayeza ndi rula, n'kuona kuti chatsika masentimita angati pa mphindi 10. Taganizani, kamphira kokwana m'dzanja lanu kakhoza kugonetsa chifosholo chonse. Pa makina palibe kanthu kachabe.

Kodi chifosholo chingachite zosemphana ndi zimene wauzidwa? Chingathe, ndipo mukhoza kuseka! Pa timathirakitala tambiri, mikono ndi chifosholo zimachotsedwa akafuna kutchetcha kapinga. Pobwezera, amalumikizanso mapaipi. Mapaipiwo ali ndi timitu tolowetsana, tomveka kuti khethe tikagwirana. Kamutu kamodzi kakapanda kulowa bwino, oyilo sadutsa. Chifosholo chimangoti duu. Nanga munthu akasemphanitsa mapaipi awiri? Akakoka kuti chikwere, chimatsika. Akakankha kuti chitsike, chimakwera! N'chifukwa chake timituto amatiika zizindikiro za mitundu. Yofiira ipite pofiira, yachikasu ipite pachikasu. Ntchito imeneyi ngakhale mwana wa Sitandade 1 akhoza kuloza polakwika.

Bwanji chifosholo chikakana mwala waukulu, kathirakitala n'kumalira kuti tswii? Apanso sikanadwale. Kakudziteteza. M'kati muli kavalavu kena kamlonda, kotsekedwa ndi sipuling'i yolimba. Katundu akalemera mopitirira, mphamvu ya oyilo imakwera kwambiri. Mapaipi akhoza kuphulika. Zisanafike pamenepo, kamlonda kaja kamatseguka. Oyilo amathawira kuthanki, ndipo kulira kuja ndi mapazi ake. Kathirakitala kakunena kuti, "Pepani bwana, uyu wandikulira." Woyendetsa wanzeru amamva. Amachepetsa katundu n'kuyenda maulendo awiri. Amaikanso cholemera kumbuyo kwa kathirakitala, kuti matayala akumbuyo asanyamuke.

Nanga zonsezi zikakhala bwino, koma mphamvu palibe? Tsopano tafika pa mtima weniweni. Pampu nayo imakalamba. M'kati mwake muli timagiya tiwiri tolumana mano. Manowo akadyeka, oyilo amapulumuka m'mipata. Pampu yotere imanamiza. M'mawa, oyilo ali wolimba, imakankha bwino. Masana, oyilo atasungunuka, imafooka. Mwaona kusiyana kwake ndi kathirakitala kozizidwa kaja? Kaja kamafooka m'mawa, aka kamafooka masana. Makaniko amalumikiza geji, kawotchi koyezera mphamvu ya oyilo. Muvi wake ukalephera kufika pa nambala ya m'buku, amayang'ana kamlonda kaja kaye. Kakakhala kabwino, ndiye kuti pampu yatopa.

Bwanji sitinayambe ndi pampu yomweyo? Chifukwa pampu ndi yokwera mtengo, ndipo kuimasula ndi ntchito yaikulu. Taganizani munthu wagula pampu yatsopano. Waimanga tsiku lonse, thukuta kamukamu. Waliza injini, chifosholo chidakali duu. Kenako apeza kuti vuto linali kamutu ka paipi kosalowa bwino! Ndalama zapita, tsiku lapita. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha. Makaniko wodekha amayamba ndi zooneka ndi maso. Kenako zomveka ndi makutu. Kenako zonunkha. Sipanala imabwera pomaliza.

Kodi mdani wamkulu wa oyilo ndani? Ndi fumbi. Ndi kamchenga kamodzi kamene simungakaone bwino. Kakalowa m'thanki, kamayenda ulendo uja munayenda inu. Kamakanda pampu. Kamang'amba timphira. Kamatsekereza kachitseko ka valavu. Matenda ambiri amene tawatchulawa amayambira pamenepa. N'chifukwa chake makaniko amapukuta pozungulira chitsekerero asanatsegule. Amathira oyilo ndi fanulo yoyera. Timitu ta mapaipi amativindikira kuti tisagwere m'dothi. Oyilo wakutha samutaya pansi kapena mumtsinje, chifukwa amawononga nthaka ndi kupha nsomba. Kupewa kumaposa kuchiza.

Amakaniko aang'ono, yankhani

Kodi mwakonzeka kuyesedwa? Nawa odwala anayi. Phimbani mayankho ndi dzanja. Woyamba, chifosholo chikunjenjemera ndipo m'thanki muli thovu. Wachiwiri, oyilo waoneka mbuu mvula itagwa. Wachitatu, m'mawa kali ndi mphamvu koma masana kafooka. Wachinayi, akakoka kuti chikwere chikutsika. Mwaganiza? Chotsani dzanja tsopano. Woyamba walowedwa mpweya. Wachiwiri walowedwa madzi. Wachitatu pampu yake yatopa. Wachinayi amusemphanitsira mapaipi. Mwakhoza angati? Amene mwakhoza onse, dziombereni m'manja. Amene mwaphonyako, werenganinso, mawa mukafunse anzanu kusukulu.

Kodi mwana azichita chiyani akakhala pafupi ndi makina otere? Malamulo ndi atatu, ndipo muwaloweze pamtima. Loyamba, musaime kapena kudutsa pansi pa chifosholo chokwezedwa, ngakhale injini itazima. Mwamva kale kuti chimatha kutsika chokha. Paipi ikaphulika chimagwa kamodzin'kamodzi. Lachiwiri, musakwere m'chifosholo. Chimenecho n'cha mchenga, si cha anthu. Lachitatu, musagwire mapaipi kapena zogwirira. Imani patali, pamene woyendetsa akukuonani. Maso anu ndi okwanira kuphunzira zambiri. Nthawi yogwira sipanala idzafika mukadzakula.

Kodi inu mungadzakhale amakaniko kapena mainjiniya? Kwambiri! Atsikana ndi anyamata omwe. Ntchito imeneyi imafuna mutu wodekha ndi maso akuthwa, ndipo zimenezo muli nazo. Ku Malawi kuli masukulu a ntchito zamanja monga Lilongwe Technical College. Ku Bunda amaphunzitsa za makina a ulimi. Ku MUBAS, mumzinda wa Blantyre, amaphunzitsa uinjiniya. Njira yopita kumeneko ikuyambira m'kalasi mwanu momwemo, pa masamu ndi sayansi.

Nanga sabata ino muchite chiyani? Ndikupatsani ntchito yokoma. Tengani kope ndi pensulo. Mukamapita kusukulu kapena kumsika, fufuzani makina okhala ndi chitsulo chonyezimira chotuluka ndi kulowa. Yang'anani pansi pa tipa ikamakhuthula, muli chapatali. Yang'anani pa katapila wokonza msewu. Yang'anani pa jeke ya okonza matayala. Werengani masilinda amene mwaona, mulembe nambala yake. Jambulani makina amodzi amene akusangalatsani, mulozepo pamene pali mapaipi. Mukakumana ndi amakaniko, apatseni moni mwaulemu, muwafunse funso limodzi. Pitirizani kufunsa, ana anga, ndipo musaleke kuyesa. Tsalani bwino, ndine azakhali anu.